Ndikusewera Biff, koma pokalipira bambo mawu amandithera

"Aphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 26 ndipo ndili m'gulu lina la zisudzo ku Blantyre. Tikukonzekera sewero la Arthur Miller lotchedwa Death of a Salesman, ndipo ine andipatsa mbali ya Biff, mwana wamkulu wa Willy Loman. Mawu onse ndinaloweza kale. Vuto lili kumapeto, pamene Biff amakangana ndi bambo ake kukhitchini. Wotitsogolera amati ndizikalipa mwamphamvu chifukwa Biff amadana ndi bambo akewo, koma ndikayamba ndimamva ngati ndikunama, ndipo kawiri konse ndangoti kakasi pakati pa pulakatisi. Sindikumvetsa chimene chinawadanitsa awiriwa. Ndisabisenso: ine ndi bambo anga sitiyankhulana bwino chisiyireni koleji. Kodi ndibweze mbaliyi aitenge wina?"

Achimwene, musathamangire kubweza mbaliyo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ndi kutsogolera zisudzo ndaona anyamata angapo akuti kakasi pamalo omwewo, ndipo kawirikawiri ndi amene amadzasewera bwino kuposa aja amangolalata osamva kanthu. Mtima wanu wazindikira kale kuti malangizo mwapatsidwawo ali ndi polakwika, kungoti simunapeze mawu owatsutsira. Biff sadana ndi bambo ake. Wodana ndi kholo amachoka n'kukakhala phee kumene wapitako. Uyu ali ndi zaka 34, waweta ng'ombe ku Nebraska, wadutsa ku Dakota ndi ku Arizona, pano akulandira madola 28 pa sabata pafamu ina ku Texas, ntchito yoti mwiniwake amaikonda. Koma chisanu chikangotha amayamba kusowa mtendere, n'kuthamangira kwawo ku Brooklyn, mu mzinda wa New York ku America, kukagona m'chipinda chomwe ankagona ali mwana. Pali chimene akuchifuna m'nyumba imeneyo, ndipo mukachidziwa mawu sadzakuvutaninso.

Ambiri amasochera pa kamangidwe ka seweroli. Miller polilemba mu 1948, dzina limene anayamba kuliganizira linkanena za mkati mwa mutu wa munthu. Pamene linaonetsedwa koyamba mu New York pa 10 February 1949 ku Morosco Theatre, motsogozedwa ndi Elia Kazan, nyumba ya a Loman inaima pasiteji ngati chigoba, makoma ena ali ongoganizira. Zikamachitika za lero, osewera amalowera pakhomo. Zakale zikamubwerera Willy m'mutu, amangodutsa pakhoma ngati palibe. Ndiye kuti mukusewera a Biff awiri. Pali wa zaka 34 wotopa uja, ndipo pali wa kusekondale, katswiri wa mpira wa ku America, amene amapukuta galimoto ya bambo ake mpaka kung'anima, n'kuwalonjeza kuti tsiku la masewero akuluakulu adzagoletsa chigoli chawochawo. Wamng'onoyu musamuchepetse. Muloleni awakonde bambo ake mosadziletsa, aziwayang'ana ngati dzuwa limatulukira m'thumba mwawo. Oonera akapanda kuona chikondi chimenecho m'gawo loyamba, mkangano wa kukhitchini udzangokhala phokoso.

Tsono chinalakwika n'chiyani? Willy ndi wogulitsa katundu woyendayenda, wagwira pakampani imodzi ya a Wagner zaka zopitirira 30, akuyendetsa galimoto m'matauni a ku New England ndi masutikesi a zitsanzo za malonda. Chikhulupiriro chake n'chimodzi: munthu ukakhala wooneka bwino ndi wokondedwa ndi anthu, palibe khomo lokukana. Anachitengera kwa nkhalamba ina, Dave Singleman, yomwe pa zaka 84 inkagulitsabe katundu pafoni ili khale m'chipinda cha hotela, ndipo itamwalira maliro ake anadzaza anthu. Mwana anamwa zimenezi ngati phala. Biff atabwera ndi mpira umene anatenga kusukulu osapempha, Willy anaseka nanena kuti kochi mwina amuyamikira chifukwa cha changu chake. Biff ndi mng'ono wake akakatapa matabwa pamalo pomwe anthu akumanga nyumba, bambo amanyadira kuti ali ndi ana opanda mantha. Bernard, mwana wa neba wawo Charley, akabwera kudzachenjeza kuti Biff alephera masamu akapanda kuwerenga, amamuseka kuti ndi kamunthu kofooka kongodziwa mabuku. Paja amati m'mera mpoyamba: mpira uja unadzabala katoni ya mipira yomwe inasowa kwa bwana wa Biff, Bill Oliver, kenako suti yomwe Biff anaba ku Kansas City n'kukhala miyezi itatu m'ndende. Willy sanali bambo wa chikwapu. Mwana wakeyo anamuononga ndi matamando, ndipo bala lotere limavuta kulilozera chifukwa ngakhale mwiniwake amaliyesa chikondi. Chinalidi chikondi.

Komabe zimenezo pazokha sizikanawalekanitsa. Chinadula chingwe ndi cha ku Boston, mzinda umene Willy anapitako kukagulitsa katundu, ndipo gawo limenelo muliwerenge mobwereza kuposa lina lililonse. Biff walephera masamu, zamuperewera mapointi anayi okha, ndipo popanda masamuwo sangalowe ku University of Virginia. Taonani chimene akuchita. Akukwera sitima kulondola bambo ake kuhotela, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti iwo akangoyankhula ndi mphunzitsiyo zonse zikonzeka, poti kodi alipo amene angawakanire bambo ake? Akuwaseketsa potsanzira kayankhulidwe ka mphunzitsi uja, onse akuseka, ndiye kubafa kukumveka kuseka kwachitatu, kwa mkazi. Mkaziyo akutuluka n'kuumirira kuti apatsidwe masokosi aatali a silika amene Willy anamulonjeza, pamene kunyumba mayi ake a Biff, Linda, amakhalira kusoka awo ong'ambika. Mnyamatayo akulira, akuwatcha bambo ake wabodza, n'kutuluka. Atabwerera kwawo anakana maphunziro a patchuthi amene akanamupulumutsa, natentha m'ng'anjo nsapato zake zimene anazilemba dzina la yunivesite ija.

Osewera ambiri amaima pa chibwenzicho, ngati kuti Biff anangokwiyira chigololo. Kwa ine bala lili pansi pa pamenepo. Zonse zimene mnyamatayu ankadziwa za iye mwini anazimva kuchokera pakamwa pa munthu mmodzi: kuti ndi wapadera, kuti adzatchuka, kuti malamulo ndi a anthu ena. Tsiku limene anaona kuti pakamwa pamenepo pamatuluka bodza, sanataye bambo okha. Anayamba kudzifunsa kuti nanga zonse ankandiuza zija zinali chiyani. Zaka 17 zotsatira wakhala akuyendayenda ndi funso limenelo.

Ndipo sanauze munthu. Apa ndi pamene pali yankho la kakasi wanu uja. Linda akamufunsa chifukwa chimene amayambanirana ndi bambo ake, Biff amangoti ndi achinyengo ndipo safuna kukhala ndi munthu wowadziwa, basi, n'kutseka pakamwa. Akuteteza mayi ake, komanso, ngakhale sangavomere, akuteteza bambo akewo. Willy nayenso sanatchulepo za Boston. Amangopsa mtima akaona Linda akusoka masokosi, ndipo Bernard, atakula, atamufunsa chimene chinachitika kumeneko, amalusa ngati wapondedwa pachilonda. Poti sangathe kunena kuti ndinalakwa, wapeza mawu ena ofotokozera kulephera kwa mwana wake: akuti Biff akudziononga dala pofuna kumukhaulitsa. Werengani bwinobwino mkangano womalizawo. Biff akunena zonse, za ndende, za kuba, za mabodza a m'nyumbamo, koma za mkazi wa ku Boston sakuzitchula, chifukwa mayi ake aima pomwepo. Mkwiyo wake ndi wovundikiridwa. Mukauseweretsa ngati mphika wopanda chivundikiro, ndi pamene mumamva kuti mukunama.

Amene akusewera Willy muwakumbutsenso ichi, chifukwa chidzakuthandizani nonse: Willy naye ndi mwana wosiyidwa. Bambo ake, omwe ankasema ndi kugulitsa zitoliro akuyenda pangolo, anachoka kupita ku Alaska iye asanakwanitse zaka zinayi. Chimene amakumbukira ndi munthu wa ndevu zambiri ndi kulira kwa chitoliro, ndipo n'chifukwa chake seweroli limayamba ndi kutha ndi chitoliro. Mkulu wake Ben akamuonekera m'maganizo, Willy, munthu wa zaka zopitirira 60, amamufunsa ngati kamwana kuti kodi anyamatawa ndikuwalera bwino? Analibe pomuonera ubambo, ndiye anaupeka yekha. (Ben ameneyu amadzitama kuti analowa m'nkhalango za ku Africa ali ndi zaka 17 n'kutuluka ali ndi zaka 21 atalemera ndi dayamondi. Musadabwe oonera athu akadzang'ung'udza pamenepo. Africa wa m'mutu mwa Willy ndi nkhalango yongotolamo chuma, yopanda eni ake, ndipo Ben sanena kuti anakumba ndani. Musakonze mawuwo, kung'ung'udzako kumathandiza kuonetsa kuti maloto a Willy ndi otani.) Miller zinthuzi ankazidziwa pafupi. Bizinesi ya makhoti ya bambo ake inagwa pa mavuto a zachuma amene anayamba mu 1929, banja n'kusamukira ku Brooklyn, ndipo iye mwini ananena kuti pomuumba Willy ankakumbukira Manny Newman, malume wake amene anali wogulitsa katundu wodzitama ndi ana ake aamuna awiri.

Tsiku lomaliza la Willy lili ngati misampha iwiri yofwamphuka nthawi imodzi. Biff akudikira maola asanu ndi limodzi kuti aonane ndi Oliver kukapempha ndalama zoyambira bizinesi, Oliver osamukumbukira n'komwe. Akuba cholembera cha inki patebulo, akuthamanga kutsika masitepe, ndipo ali pakati akuona thambo n'kuzindikira kuti kwa Oliver sanakhalepo wogulitsa malonda monga banja lonse limanenera. Anali kalaliki wolongedza katundu. Tsiku lomwelo Howard Wagner, mwana wa bwana wakale, akumuchotsa ntchito Willy. Akakumana kulesitilanti madzulo, mwana wabwera ndi choonadi chake choyamba, bambo abwera akupempha nkhani yabwino yoti akauze mkazi wawo. Aliyense akufuna chimene mnzake sangapereke tsiku limenelo.

Ndiye tafika kukhitchini kuja. Musanaganize za kukweza mawu, dzifunseni: Biff wabwera kudzatani? Wawapeza bambo ake panja usiku akudzala mbewu ndi tochi pakabwalo kosafika dzuwa. Wabwera kudzatsazika mwamtendere. Akunena kuti sakuwaimba mlandu. Akutambasula dzanja, bambo akukana kuligwira. Pokhapo ndi pamene akutulutsa kapaipi ka labala kamene Willy anabisa kuchipinda chapansi ndi cholinga chodzichotsera moyo, n'kukaika patebulo. Munthu amene akuchita zimenezi akufuna zinthu ziwiri: bambo, musafe, bambo, ndimasuleni, ndiloleni ndikhale munthu wamba. Akamanena kuti iye ndi bambo ake ndi anthu otchipa opezeka paliponse, sakutukwana. Akupempha kuti atule katundu amene anasenzetsedwa ali mwana. Pamapeto mphamvu zikumuthera, akuwakoleka bambo ake akulira, akuwachonderera kuti malotowo awatenthe zinthu zisanaipe. Willy akudabwa, akuti kodi mwanayu amandikonda? Chikondicho wachimva, koma pempho lija silinalowe. Nthawi yomweyo akuwerengera mmene Biff adzatchukire akalandira madola 20,000 a inshuwalansi, ndipo akutuluka ndi galimoto kukadzipha. Ine gawo limenelo limandipweteka kuposa maliro amene amatsatira.

Pa pulakatisi yesani izi. Seweretsani gawo lonselo monong'ona, mutakhala pansi moyang'anizana, osakweza mawu ngakhale kamodzi. Mudzamva nokha malo amodzi kapena awiri pamene mawu akukana kunong'onedwa, ndipo pokhapo ndi poyenera kukalipa. Kenako liseweretseni m'Chichewa, m'mawu anuanu, mukuwatchula kuti bambo ndi kuti inu. Chingerezi chimabisa kulemera kwa zimene Biff akuchita, poti mawu amodzi omwewo amatchulira mnzako ndi kholo lomwe. Mukayesa kuuza munthu amene mukumuti "inu bambo" kuti moyo wawo wonse wakhala bodza, lilime lidzalemera, ndipo kulemera kumeneko mubwerere nako ku Chingerezi. Za wotsogolera wanu, musakamutsutse pagulu. Mupezeni pambali ndi buku m'manja, mumuonetse dzanja lotambasulidwa lija ndi kulira kwa kumapeto, mumupemphe kuti muyese njira zonse ziwiri aone yekha. Wotsogolera wabwino amasintha akaona ndi maso.

Palinso za oonera athu zimene muyenera kukonzekera. Kuno mwana wamwamuna wa ndevu zake akamalozera bambo ake chala pagulu, anthu amati mwano, ndipo amasiya kumumvera ngakhale akunena zoona. Linda akamawadzudzula ana ake kuti bambo awo si munthu wotchuka koma ndi munthu ndithu, ayenera kusamalidwa, holo yonse idzavomera, chifukwa tinakulira mawu akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mukalowa ndi ukali kuyambira pachiyambi, Biff adzasanduka mwana wosalangika ndipo seweroli lidzakhala phunziro la kulemekeza makolo, zomwe Miller sanalembe. Akaona kuti mawu aliwonse akukupwetekani powanena, adzakhala nanu. Musaope kuti nkhani ya ku Brooklyn siingamveke kwa anthu olemekeza makolo: mu 1983 Miller anakalitsogolera yekha ku Beijing, Ying Ruocheng akusewera Willy, ndipo linalandiridwa bwino. Chinanso, mkazi akadzatulukira kubafa anthu adzaseka ndi kukuwa, poti m'zisudzo zathu kugwidwa ndi chibwenzi ndi nthabwala. Musalimbane nako kusekako. Imani osagwedezeka, mumuyang'ane mkaziyo, kenako bambo anu, mudikire. Kumazima kokha, ndipo bata lotsatira ndi lanu.

Tsopano za bambo anu enieni, zimene mwazitchula kumapeto ngati zazing'ono. Si cholakwika kuti seweroli likukukhudzani. Mwina n'chifukwa chake mukulimva bwino kuposa anzanu. Koma chenjerani ndi kukumba bala lanu usiku uliwonse kuti misozi ituluke. Ndinalakwitsapo zimenezi ndili wamng'ono pantchitoyi. Ndinamuuza mnyamata wina kuti pa gawo lolira aziganiza za malemu bambo ake. Tsiku limenelo anasewera modabwitsa, tonse tinaombera m'manja, koma sanabwerenso kwa milungu iwiri, ndipo atabwera anandiuza kuti sankagona. Chiyambire pamenepo ndimauza osewera kuti alire ndi zimene zili m'sewero: masokosi aja, dzanja lokanidwa lija. Zimenezo mukhoza kuzivula pamodzi ndi zovala za pasiteji. Ndiponso musawaitane bambo anu kudzaonera ndi cholinga choti sewero likawauze zimene inu mukulephera kunena. Adzamva kuti mwawayalutsa pagulu. Ngati mukufuna kukambirana nawo za koleji ija, pezani amalume, azakhali kapena mkulu wa kumpingo amene onse awiri mumamulemekeza, mukhale pansi kunyumba. Nkhani yanu siyofanana ndi ya a Loman, ndipo simukudziwa chimene bambo anu akusunga mumtima mpaka mutawafunsa.

Pali pamene nkhaniyi imaposa mphunzitsi wa zisudzo. Mukaona kuti mukachoka ku pulakatisi simukugona, chakudya sichikulowa, mwayamba kumwa kuti muiwale, kapena maganizo odzipha akukubwererani, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala mukafunse a za matenda a maganizo. Ku Blantyre mungayambire ku Queen Elizabeth Central Hospital. Kulinso Zomba Mental Hospital, ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Zikafika pamenepo kupumira kaye mbaliyo si kugonja. Chimodzimodzi mukaona zizindikiro za Willy mwa bambo anu kapena mwa wina aliyense: kuyankhula yekha, kubisa kuti malipiro anaima n'kumabwereka ndalama kuti azioneka ngati akulandira, monga Willy amatengera madola 50 kwa Charley sabata iliyonse, kapena kunena kuti akanakhala waphindu atafa kuposa ali moyo. Linda anali atakapeza kale kapaipi kaja. Ankakachotsa mwamuna wake akachoka n'kukabwezera asanabwere, poopa kumuchititsa manyazi. Inu musatero, mufunseni munthuyo mosapita m'mbali ndipo mupite naye kuchipatala. Gulu lanu lichitenso bwino kuwadziwitsa oonera sewero lisanayambe kuti muli nkhani ya kudzipha.

Pa pulakatisi yotsatira musayambe ndi mawu. Pemphani amene akusewera Willy aime patsogolo panu, mutambasule dzanja, iwo akane kuligwira, ndipo mulisiye lili m'malere mpaka mutayamba kuchita manyazi. Mukafika pamenepo, yambani mzere woyamba.